Crochet naye wapita: alipo amene akukhulupirirabe zomanganso timu ku White Sox?

Nganiza35th

Abale anzanga ochemerera White Sox, timu yathu ya baseball ya ku Chicago, ndikudziwa mwamva kale. Lachitatu lapitali, pa 11 Disembala 2024, woponya mpira wathu Garrett Crochet amupereka ku Boston Red Sox, ife n'kulandira anyamata anayi: Kyle Teel, Braden Montgomery, Chase Meidroth ndi Wikelman González. Mwa anayiwa palibe ndi mmodzi yemwe amene anasewerapo gemu ya MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America. Olemba nkhani ambiri akuti Chris Getz, GM wathu (mkulu woona zogula ndi kugulitsa osewera), wagulitsa pa mtengo wabwino. Kaya. Ine mtima wanga wakana kusangalala, ndipo ndikufuna wina andiuze chimene ndiyenera kusangalalira.

Pajatu zimenezi tinaziona kale. Disembala 2016, woponya wamanzere, wamtali, wabwino kuposa onse amene tinali nawo, Chris Sale, anapita ku Boston komweko, ifenso n'kulandira anyamata anayi, akuluakulu ake Yoán Moncada ndi Michael Kopech. M'mawa mwake Adam Eaton anapita ku Washington, kunabwera Lucas Giolito, Reynaldo López ndi Dane Dunning. Julayi 2017 José Quintana anawolokera kwa a Cubs, timu ina ya mu Chicago momwemuno, kunabwera Eloy Jiménez ndi Dylan Cease. Anatiuza kuti tipirire, zabwino zili m'tsogolo. Tinapirira ndithu. Mu 2018 tinaluza magemu 100 koma tikuyenda monyada, tikuonera mavidiyo a anyamata a ku Charlotte ndi ku Birmingham, matimu athu a m'maligi apansi, pa foni.

Ndiye zabwinozo zinali ziti? Tinalowa mu playoffs, magemu olimbirana chikho sizoni ikatha, kawiri, 2020 ndi 2021, ndipo pa maulendo awiriwo tinawina magemu awiri okha, ina kwa Oakland, ina kwa Houston. Basi. Mu 2022 tinamaliza 81-81, kuwina 81 kuluza 81. Mu 2023, 61-101. Chaka chino 41-121, kuposa ngakhale New York Mets ya 1962 imene inaluza 120, ndipo a Mets aja anali timu yatsopano yongotoleredwa kumene. Ife timuyi ilipo kuyambira 1901.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona kumene anthu aja ali lero. Sale watenga Cy Young, mphotho ya woponya wabwino kwambiri, chaka chino ku Atlanta. López, amene kuno tinamukankhira ku bullpen, gulu la oponya olowa gemu ili m'kati, ku Atlanta komweko amubwezera kukhala woyamba kuponya ndipo wamaliza ndi ERA ya 1.99 (zigoli, kapena kuti ma run, zimene amalola pa gemu yathunthu), anasankhidwa kupita ku All-Star, gemu ya akatswiri a ligi. Cease tinamugulitsa mu Malichi ku San Diego, pa 25 Julayi n'kuponya no-hitter ku Washington, gemu yonse osalola womenya ndi mmodzi yemwe kupeza hit. Kopech kuno ankatisowetsa mtendere inning ya 9 iliyonse, chigawo chomaliza cha gemu, koma atangovala malaya a Dodgers kumapeto kwa Julayi anasanduka munthu wina, ndipo pofika Okutobala anali atawina nawo World Series, chikho chachikulu cha MLB. Munthu yemweyo, dzanja lomwelo. Anyamata amene timalandirawa luso amabwera nalo, chimawaononga ndi nyumba imene akulowamo. Nanga amene ankayang'anira zokulitsa osewera achisodzera kuyambira 2017 anali ndani? Chris Getz yemweyu. Akuluakulu oyendetsa timu, Kenny Williams ndi Rick Hahn, atachotsedwa pa 22 Ogasiti 2023, panangodutsa masiku 9, mwini timu a Jerry Reinsdorf n'kumukweza Getz osafunsako ngakhale munthu mmodzi wakunja. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti wakunja angataye chaka chathunthu akuiphunzira timu. Chaka chimene tinapulumutsacho ndi chimenechi cha 121.

Ndinalipo pa bwalo Lachiwiri la pa 24 Seputembala, tikusewera ndi Angels. Tinali titaluza kale 120, ndipo ambiri amene anatsika sitima ya Red Line pa Sox-35th, siteshoni ya pafupi ndi bwalo, usiku umenewo anabwera kudzaonera mbiri yoipayo ikulembedwa. Patsogolo panga panali bambo wina wachikulire atavala jeresi yakale ya Konerko, katswiri wathu wakale, kumutu atavala thumba la pepala loboola maso awiri. Ankalivula akafuna kumwa, n'kulibwezeranso. Pofika inning ya 8 tinali kumbuyo 2-0. Kenaka zinatembenuka, wosewera wa Angels analephera kuwakha mpira wophweka wam'mwamba, Andrew Benintendi n'kumenya wina umene unatipititsa patsogolo, tinawina 3-2. Mukanamva phokoso lake. Ena akuwomba m'manja, ena akuikuwiza timu yawo yomwe chifukwa yawina, ena akuimba kuti mwini wake agulitse timu. Bambo wa thumba uja anangoima, manja m'chiuno, osadziwa kuti alowe gulu liti. Inenso sindinadziwe. Gemu ya 121 inakaluzidwira ku Detroit Lachisanu, 4-1, a Tigers akuthirana shampeni chifukwa kuwinako kunawalowetsa mu playoffs.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, kodi kumugulitsa Crochet kunali koyenera, kapena timu ya mu mzinda waukulu ngati Chicago ikanangomupatsa kontrakiti yaitali n'kumanga timu pa iyeyo? Mnyamatayu ali ndi zaka 25 zokha. Lachiwiri ndi la m'thumba. Ine ndi mlamu wanga timagawana kaphukusi ka matikiti chaka ndi chaka, ndipo iye akufuna yankho Khirisimasi isanafike. Iye akuti tigulenso. Mayi a kunyumba akuti ndalamazo zili ndi ntchito yabwino kuposa kukagula mkwiyo. Inu mukuti bwanji?

KachaleBoxScore

Achimwene a Nganiza, ululu wanu ndaumva, koma pa funso loyambali ndikutsutsani.

Crochet anatsala ndi zaka ziwiri zokha, 2025 ndi 2026, kuti akhale mfulu wopita kumene akufuna. Tiuzane zoona, timu imene yaluza 121 ingalimbirane chikho m'zaka ziwiri zimenezo? Chaka chino tinagoletsa ma run 507, ochepetsetsa mu MLB monse. Amene anamenya ma home run (mpira wodumpha mpanda) ambiri mu timu yathu ndi Benintendi, 20 okha. Crochet akanaponya bwino chotani, akanamaluzabe 1-0, monga zinachitikira pa gemu yotsegulira sizoni ndi Detroit. Wamaliza chaka ndi 6-12 chonsecho anachita ma strikeout 209 (kutulutsa womenya ndi ma strike atatu) mu ma inning 146. Woponya mmodzi amasewera kamodzi pa masiku asanu. Masiku anayi enawo mumadalira ndani?

Chachiwiri ndi dzanja lake. Musaiwale kuti anachitidwa opaleshoni ya chigongono yotchedwa Tommy John mu Epulo 2022, ndipo chaka chino chisanafike anali asanayambepo gemu ngakhale imodzi mu ligi yaikulu, ankangolowa kuchokera ku bullpen. N'chifukwa chake kuyambira Julayi sankamulola kupitirira ma inning anayi. Mtengo wake sungakwere kuposa pamene wafikapa. Chigongono chikanati chiduke mu Meyi tikanatsala manja lende, ndipo inu nomwe mukanabwera pano kudzafunsa chifukwa chimene sanamugulitsire nthawi ikadalipo. Taonani za Luis Robert Jr. Chaka chatha anamenya ma home run 38, matimu akanapereka zambiri. Tinamusunga. Chaka chino wavulala mu Epulo, wasewera magemu 100, wamenya .224, ndiye kuti kupeza hit pafupifupi ka 22 pa maulendo 100 alionse. Pano amene akumufuna akubwera ndi ndalama yachitsulo.

Ndipo anyamata abwerawa si zinyalala. Teel ndi catcher, wowakha mipira kumbuyo kwa womenya, amene Boston inamusankha pa nambala 14 mu draft ya 2023, pamene matimu amasankha osewera achisodzera. Montgomery anasankhidwa pa nambala 12 chaka chino, ndipo ambiri amati akanapita msanga kuposa apo akanapanda kuthyoka mwendo mu Juni akusewerera yunivesite ya Texas A&M. Meidroth alibe mphamvu zomenya kutali, koma ali ndi diso, sathamangira mipira yoipa, chinthu chimene timu yathu yakhala ikusowa zaka zonsezi. Muphatikizepo Colson Montgomery, Edgar Quero, Noah Schultz ndi Hagen Smith amene alipo kale.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa malonda a pa 29 Julayi aja. Amenewo ndiye anandinyansa. Erick Fedde anabwera kuchokera ku Korea pa madola 15 miliyoni zaka ziwiri, ankaponya bwino kwambiri ndipo anali ndi chaka china chotsala. Anamuphatikiza ndi Tommy Pham ndi Kopech, anthu atatu, n'kulandira Miguel Vargas ndi tiana tiwiri ta m'maligi apansi. Vargas wamenya .104 chibwerereni. Ndimamumvera chisoni mnyamatayo, anachoka ku timu yoyamba kugwera pakati pa mndandanda wa magemu 21 oluza motsatizana, koma .104 ndi .104. Akanamugulitsa Fedde payekha, Kopech payekha, sindikhulupirira kuti akanalandira zochepa chonchi.

Za matikiti, musagule phukusi. Matikiti a gemu imodzi imodzi adzakhala otchipa pa intaneti chaka chamawa, mudzasankha nokha tsiku limene mwana amene mukufuna kumuona wakwezedwa.

MayiWaBridgeport

Ana inu mukukangana za nthambi, tsinde mwalisiya. Ine ndakhala pafupi ndi bwaloli nthawi yaitali moti ndikakhala pakhonde ndimamva makombola akaphulika wina akamenya home run. Chaka chino kunali zii, galu wanga wagona bwino sizoni yonse.

A Reinsdorf anagula timuyi mu 1981. Ma manijala asintha, ma GM asintha, osewera abwera n'kupita, bwalo lasintha dzina kangapo, koma iwo ali pomwepo. A Kachale mukuti timu yoluza singasunge Crochet. Chabwino. Nanga pamene timu inali yabwino anachita chiyani? Mu 2021 tinawina 93, tinatenga AL Central, division (gulu) yathu. Aliyense wa pa 35th Street, ngakhale wogulitsa mtedza panja, ankadziwa kuti tikusowa munthu wa ku right field ndi wa pa second base. Sanagule odalirika. Anatenga Andrew Vaughn, mwana wa pa first base, n'kumuimika kunja kuti azithamangitsa mipira. Carlos Rodón, amene anaponya no-hitter chaka chomwecho, anamusiya apite osamupatsa ngakhale qualifying offer, kontrakiti ya chaka chimodzi imene timu imapereka kwa wosewera amene akuchoka. José Abreu, MVP (wosewera wopambana onse mu ligi) wa 2020, anapita ku Houston. Ndipo timu ya achinyamata ija anaipereka m'manja mwa Tony La Russa wa zaka 76, amene anali atapuma pa umanijala kuyambira 2011, chifukwa mwini timu ankadandaulabe kuti analola kuti achotsedwe mu 1986. Mukukumbukira Juni 2022, pamene anamupatsa dala walk Trea Turner, kumulola kupita pa first base osamenya, ali kale ndi ma strike awiri? Wotsatira wake Max Muncy anaumenyera mpira kunja kwa mpanda, ma run atatu. Ndinazimitsa TV n'kupita kukachapa.

Kontrakiti yaikulu kwambiri m'mbiri yonse ya timuyi ndi ya Benintendi, madola 75 miliyoni zaka zisanu. Pofika Disembala 2024, matimu amene anali asanaperekepo kontrakiti ya madola 100 miliyoni anali awiri okha, ife ndi a Athletics. Kansas City, mzinda waung'ono kuyerekeza ndi Chicago, inapatsa Bobby Witt Jr. zoposa madola 288 miliyoni. Sabata yomweyi imene ife tagulitsa Crochet, a Mets apatsa Juan Soto madola 765 miliyoni. Sindikunena kuti tikanamugula Soto, a Reinsdorf ananena okha chaka chatha kuti pa mpikisano wofuna katswiri wa ku Japan, Shohei Ohtani, sadzaoneka nawo. Ndikungoti mukamati "timu singakwanitse kumusunga", muzinena bwinobwino kuti mwini wake safuna.

Koma ndalama za anthu amazifuna. Mu 1988 anaopseza kuti asamutsira timu ku St. Petersburg ku Florida, boma la Illinois linagonja, bwalo limene tikukhalamoli linamangidwa ndi ndalama za boma n'kutsegulidwa mu 1991. Febuluwale chaka chino anali ku Springfield kukapemphanso ndalama zokwana pafupifupi madola 1 biliyoni zomangira bwalo lina ku malo aja amati The 78. Atangochoka kumeneko timu inayamba sizoni ndi 3-22.

Anzanga achikulire a mumsewu muno sanaiwale za 1997. Pa 31 Julayi timu inali kumbuyo kwa Cleveland ndi magemu atatu ndi theka okha, miyezi iwiri yathunthu ikadalipo, koma anagulitsa oponya atatu, Wilson Álvarez, Danny Darwin ndi Roberto Hernández, ku San Francisco. Mpaka lero amawatcha malonda a mbendera yoyera. Kunena chilungamo, mwa anyamata amene anabwera munali Keith Foulke ndi Bob Howry, amene anathandiza kutenga division mu 2000. Ndiye a Kachale mukhoza kukhala olondola kuti Teel adzakhala wabwino. Koma akadzakhala wabwino, pakadzatsala zaka ziwiri kuti kontrakiti yake ithe, tidzakumananso pano kukambirana za anyamata anayi amene tamusinthanitsa nawo.

Ine 2005 ndinaiona ndi maso angawa ndipo palibe angandilande. Magemu 11 kuwina, imodzi yokha kuluza. Buehrle, Garland, Garcia ndi Contreras, anayi motsatizana kuponya gemu yonse yathunthu posewera ndi Angels, bullpen ikungowothera dzuwa. Manijala Ozzie Guillén akulankhula zosamveka koma zokoma. Chikho choyamba chichokereni 1917. Chifukwa cha chaka chimenecho sindingathe kuchemerera timu ina, ndakalamba nayo. Koma matikiti ndinasiya kugula pamene Jason Benetti, woulutsa magemu athu pa TV, anapita ku Detroit. Mwana wa kuno, wokula akuchemerera Sox, mawu amene ankatithandiza kupirira magemu oipa pambali pa Steve Stone, timu n'kulephera kumusunga. A Nganiza, amvereni akazi anu.

WakuWrigley

Pepani anthu a kumwera, ndangodutsa. Ife a Cubs tinadikira chikho zaka 108, ndiye kupirira tikhoza kukuphunzitsani kwaulere. Zikomonso chifukwa cha magemu anayi a chaka chino, tinawalandira onse bwinobwino. A Nganiza, Red Line yomweyo ikafika pa Sox-35th musatsike, mukhale momwemo mpaka pa Addison, pafupi ndi bwalo lathu la Wrigley. Malo alipo.

Nganiza35th

A WakuWrigley, inu munapereka Cease ndi Eloy kuti mupeze Quintana, ndiye khalani phee. Pa Addison ndidzatsika tsiku limene sitima idzawonongekere pomwepo.

Mayi a ku Bridgeport, mwandilankhulira. Zimene mwanena za Teel kudzagulitsidwa naye ndi zimene zimandisowetsa tulo.

Achimwene a Kachale, za chigongono cha Crochet ndavomera, dzanja la woponya silipatsa chenjezo. Koma pali mfundo imene aliyense akuibwereza ngati lamulo, yakuti timu ikagwa iyenera kugona pansi zaka zinayi kapena zisanu isanadzuke. Amatchula Houston imene inaluza magemu oposa 100 zaka zitatu zotsatizana kuyambira 2011 n'kudzatenga chikho mu 2017. Amatchula Baltimore imene inaluza 110 mu 2021 n'kuwina 101 mu 2023. Inde. Koma matimu amenewo anayamba asesa m'nyumba. Anabweretsa anthu atsopano ochokera kunja, anasintha kasankhidwe ka osewera ndi kaphunzitsidwe kawo kuyambira pansi. Ife tasesa chiyani? Manijala watsopano Will Venable ndamulandira ndi manja awiri, wachokera ku Texas kumene anawina nawo World Series mu 2023, ndipo ndi wakunja, zimene n'zachilendo kwathu kuno. Koma manijala amaphika zimene wapatsidwa. Manijala Pedro Grifol anachotsedwa pa 8 Ogasiti timu ili 28-89, anthu tinasangalala, Grady Sizemore n'kutenga. Anyamata ankaoneka omasuka, ankaseka mu dugout, pamene osewera amakhala, koma anamaliza 13-32.

Ndipo tayang'anani Kansas City, mu division yathu yomwe. Chaka chatha analuza 106, kuposa ife. Sanauze anthu awo kuti dikirani 2028. Anapita pa msika n'kugula Seth Lugo ndi Michael Wacha, oponya odziwa ntchito, pa ndalama zimene timu iliyonse ingakwanitse. Chaka chino awina 86, alowa mu playoffs, atulutsa Baltimore. Lugo wamaliza wachiwiri pa Cy Young. Mudziwenso kuti mwa magemu 86 amenewo, 12 tinawapatsa ndife, pa magemu 13 amene tinakumana. Minnesota nayo chimodzimodzi, 12 pa 13. Ife nthawi yomweyo tinkagula chiyani? Martín Maldonado wa zaka 37, akuti adzathandiza oponya achisodzera, anamenya .119 mpaka anamuchotsa mu Julayi. Anatiuza kuti timu ya 2024 idzakhala yolimba pogwira mipira ngakhale isamenye kwambiri. Ndiye mu Seputembala ku Baltimore tinaona Vargas ndi Benintendi akugundana pofuna kuwakha mpira umodzi, mpira pansi, ma run atatu kulowa. Womenya mpirawo anali Eloy Jiménez, amene tinali titangomugulitsa kumene.

Nkhani ya Paul DeJong ndiyo imandiseketsa mpaka lero. Anagulitsidwa ku Royals pa 30 Julayi a Royals ali konkuno ku Chicago, ndiye anangonyamula chikwama chake n'kuyenda wapansi kuchoka m'chipinda chathu kupita cha alendo. Mphindi zochepa, munthu wachoka pa timu yotsiriza wafika pa timu yolimbirana playoffs, osakwera ngakhale basi. Tsiku limenelo ndinamuchitira nsanje.

Sindikupempha Soto. Ndikupempha kuti pamene tikudikira anawa, agule osewera awiri atatu enieni kuti mwana akakwezedwa kuchokera ku Charlotte apeze akuluakulu omuonetsa njira, asapeze chipinda cha anthu ozolowera kuluza. Colson Montgomery naye chaka chino ku Charlotte sizinamuyendere ndi bat, ndiye tisamawerengere anawa ngati afika kale.

Tiya_2021

Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano pa zimenezi. Ndinayamba kuonera baseball pa gemu ija ya m'munda wa chimanga ku Iowa mu Ogasiti 2021, pamene Tim Anderson anamenya home run yomaliza gemu ndi Yankees. Ndinaganiza kuti ndasankha timu yabwino. Funso langa ndi lakuti, poti tamaliza kumapeto kwenikweni, si ndiye kuti tisankha oyamba mu draft ya chaka chamawa? Mwina pamenepo tingapezepo kachitonthozo.

KachaleBoxScore

Achemwali a Tiya, khalani pansi kaye. Ayi, sitisankha oyamba. Tisankha pa nambala 10.

Kale zinali monga mukuganiziramo, woluza kwambiri ankasankha woyamba. Koma pa mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera wa mu 2022 anasintha, pofuna kuletsa matimu kuluza dala. Tsopano malo asanu ndi limodzi oyambirira amachita maere. Ndipo pali lamulo lina: timu ya mu mzinda waukulu, imene imapereka ndalama ku thumba logawana m'malo molandira, singalowe m'maerewo zaka ziwiri zotsatizana. Ife tinalowa kale, tinapeza nambala 5 n'kusankha Hagen Smith mu Julayi. Choncho ulendo uno tinali kunja, ndipo malo apamwamba amene tikanapeza ndi 10. Maere anachitika pa 10 Disembala ku Dallas, nambala 1 yapita ku Washington Nationals. Ndiye kuti lamulo limationa ngati timu yolemera, pamene mwini wake amagula ngati timu yosauka, ndipo tikulangidwa mbali zonse ziwiri. Getz lamuloli ankalidziwa sizoni isanayambe, n'chifukwa chake ndimati 121 ija sinali pulani, inali ngozi. Palibe chimene tinapindula nayo.

Achimwene a Nganiza, za Royals mwanena zoona koma mwasiya chinthu chimodzi: iwo anali kale ndi Witt, Salvador Perez ndi Cole Ragans. Lugo ndi Wacha anakhala denga pa nyumba imene makoma ake anali ataima. Ife Witt wathu ndi ndani? Tinali naye mwina, dzina lake Fernando Tatis Jr., tinamupereka ku San Diego mu 2016 ali ndi zaka 17 kuti tipeze James Shields. Marcus Semien naye anali wathu. Mutati muwonjezere Lugo ndi Wacha pa timu ya chaka chino, mwina tikanaluza 110 m'malo mwa 121. Koma pa mfundo yakuti ana asakulire m'chipinda cha oluza, pamenepo sinditsutsa. Ndipo ndikuvomereza kuti Getz sanaonetsebe kuti amatha kukulitsa womenya. Oponya akuyesetsa, anabweretsa mlangizi wa oponya Brian Bannister kuchokera ku San Francisco ndipo Crochet ndi Fedde ndi umboni wake. Birmingham yatenganso chikho cha Southern League chaka chino. Ku mbali ya bat ndiye kulibe chimene ndingakuonetseni.

Chimene ndikuyang'ana tsopano ndi Robert. Chaka chamawa alandira madola 15 miliyoni, ndipo timu ili ndi ufulu womusunga 2026 ndi 2027 pa madola 20 miliyoni chaka chilichonse. Akamugulitsa mwezi uno ndiye kuti angofuna kuchepetsa malipiro, chifukwa mtengo wake uli pansi. Akamusunga mpaka Julayi kuti ayambe wadzuka, ndidzati mwina pali amene akuganiza. Pamenepo ndi pamene ndidzamuweruzire Getz, osati pa Crochet.

MayiWaBridgeport

Tiya mwana wanga, gemu ya ku Iowa ija tonse inatinamiza, usadzione wekha. Anderson yemweyo pofika Novembala 2023 timu inali itamusiya.

A Kachale, mwati mudzamuweruza mu Julayi. Ndalemba pa kalendala ya m'khitchini, ndidzakufunsani.

Nganiza35th

Ndalankhula ndi mlamu wanga usiku wathawu, ndinamuwerengera zonse mwalemba apa. Wakwiya pang'ono ndi Mayi a ku Bridgeport, akuti iye anayamba kupita ku bwaloli a Reinsdorf asanamudziwe ndipo sangasiye mpando wake chifukwa cha iwo. Tagwirizana kuti phukusi agule yekha ndi mnzake wa kuntchito, ine ndizimugula tikiti imodzi imodzi ndikafuna. Gemu yotsegulira pa 27 Malichi 2025 ndi Angels ndiye ndipita, wandigwira kale pamenepo. A Kachale, mwa oponya amene atsala, ndani ayambe tsiku limenelo? Ine ndawerenga mayina kawiri konse, ndikungoona Jonathan Cannon ndi Davis Martin, ndipo Drew Thorpe sindikudziwa ngati chigongono chake chidzakhale chitachira.